Gawo la Ndatsalapati

Ku Bangula dzuwa likafika paliwombo
Ndatsalapati amagona pansi pa ngolo yanga,
lilime panja ngati nsanza yoyanikidwa.
Ndikang'amba vwende amadzutsa khutu limodzi.
Njere ndimakolopola ndi chala,
chofiiracho n'kumuponyera.
Khungu lolimbalo ayi.

Mbatata yophika, itazizira, yopanda mchere, amameza osatafuna.
Dzungu amadya mwaulesi
ngati akundichitira chifundo.
Bango ndimamusendera, njere yake ndimaponya padenga.
Dzira lowiritsa ndi la pakutha pa mwezi.

Mayi Nyamithambo okazinga nkhuku pamsika
amati ndikulera mwana wa bwana.
"Galu wa kuno amadya chimene wapeza!"
Amamuponyera fupa lokazinga,
ine n'kuliponda msanga ndi patapata.
Limeneli likasweka limasanduka singano, mayi,
ndipo anyezi wanuyo
amamusungunula magazi mwakachetechete.
Amaseka mpaka kugwira m'chiuno.

Asekeni.
Sanali ku Makhanga usiku uja
Ruo adalowa m'nyumba osaodira.
Masiku atatu pachulu, ine ndi iyeyu,
nyerere zikutikwera,
nthochi imodzi yofewa m'thumba la malaya.
Ndidaimenya pakati.
Mawu anga atatha
ndi iye adauwa
mpaka bwato lidatembenuka.

Lero ndagula mlamba kwa Alufandika.
Ndauwiritsa m'madzi okhaokha.
Ndikuzula minga umodzi umodzi
ngati munthu wowerenga ndalama zobweza ngongole.
Iye wakhala tsonga, mchira ukusesa fumbi.
Dikira, mnzanga,
watsala wina apa pamutu.