Ndemanga za M'mphepete mwa Mutu Wachinayi

Yelesani, mutu wako wachinayi ndauwerenga
usiku wa Lachiwiri, magetsi atathima Kalongwezi yense,
tochi ya foni nditaiimika m'kapu.
Masamba makumi asanu ndi limodzi. Achuluka.
Dula.

Patsamba lachitatu walemba kuti "anthu anachira."
Wakuuza ndani? Ndazunguliza ndi inki yofiira.
Chilonda chimauma pamwamba mafinya ali m'kati.
Chaka cha lamulo la chikhululukiro
wachilemba kawiri, mosiyana.
Oyesa sadzakufunsa za misozi,
adzakufunsa za chaka.

Ukunena zoona kuti kutsidya kuja sanakhazike bwalo.
Anasainirana, nati zakale zigone,
chikhululukirocho chinakathera pamalire.
Nanga ife a ku Chadiza, mbali ino ya mzere,
amene ng'ombe zathu zinawoloka usiku osabwerako,
tinakhululukira yani, papepala liti?
Chipukutamisozi tikachifunse ku boma liti?
Funso lako lenileni ndi limeneli,
koma walimanga patsamba la makumi anayi
ngati ndalama ya pansonga ya chitenje.
Limasule, uliike kutsogolo.

Ndaona kuti ndalemba "ife." Fufuta.
Woyang'anira kafukufuku sanena ife.

Tsopano Mboni 14.
Mayi wogulitsa nsawawa mumsika wa Kapata,
amene anakana kudinda chala pafomu yachilolezo
nati, lemba wekha, chala changa chatopa.
Mawu ake wawasunga bwino. Usasinthe kanthu.
Akuti anayenda masiku anayi atasenzetsedwa mchere,
patsogolo pake mnyamata wachibwibwi
wovala juzi yasukulu yobiriwira, yong'ambika pachigongono,
atasenza makina osokera.
Akuti pamtsinje wachiwiri mapazi ake anatupa,
mmodzi wa amfuti anati, mtuleni apume,
ndipo makinawo anapatsidwa wina.

Iwe waika mnyamatayu m'tebulo 6,
mzere wa "osadziwika."

Pamenepo tochi inagwa m'kapu.
Ndinatuluka. Phiri la Kanjala linali bii,
wanjinga wina akudutsa mumsewu, belu lokha likumveka.

Makina a amayi anga anali akuda, a chogwirira chamtengo.
Chigongono cha juziyo ndinalonjeza kusoka ndine,
Loweruka, ndinati, Loweruka.
Lingililani sankatha kutchula dzina langa kamodzi,
ankaliyamba katatu, ine n'kumuseka.
Amayi anasiya chitseko chosakhoma zaka khumi ndi chimodzi
mpaka tinawaika.

Majuzi obiriwira analipo ambiri chaka chimenecho.
Achibwibwi aliponso m'mudzi uliwonse.
Umboni wa munthu mmodzi, patapita zaka zonsezi,
ndikanakhala woyesa ndikanaubweza.
Ndine ndinakuphunzitsa zimenezi m'chaka choyamba,
ndinenso ndinati dzina la mboni limakhala m'bokosi lokhoma,
kiyi kwa wofufuza yekha,
ngakhale woyang'anira atapempha mogwada.
Unalemba m'kope lako, ndinakuona.

Choncho ndikapempha, ukane.
Mawa ndikapita ku Kapata kukagula tomato
sindidzadutsa mzere wa nsawawa.
Ndalembera kale a dipatimenti ku Lusaka
kuti mutu umenewu auonenso Dokotala Nyendwa,
chifukwa dzanja langa silikugwira cholembera mowongoka.
Sindinafotokoze zambiri. Kalata ya mizere itatu.

Zotsala ndi zazing'ono.
Tsamba 44: chiganizo chachiwiri chilibe mpumiro.
Tsamba 51: "chilungamo" wachitchula kasanu ndi kawiri m'ndime imodzi,
sankha pamodzi pomwe ukuchikhulupirira.
Tebulo 6: mawu akuti "osadziwika" ndi olakwa.
Lemba kuti "amene maina awo sitinawapeze."
Kwawo ankadziwika.

Tikumane Lachisanu, 10 koloko, m'chipinda chija cha fani yakufa.
Ukadzabwereranso kwa mayiyo ndi mafunso otsiriza,
funsa okhawo amene komiti inavomereza.
Loti mtsinjewo dzina lake n'chiyani
mulibemo.
Ndayang'ana kawiri.