Mubwerenso mu Febuluwale

Mwabwera mu Okutobala, mayi Nyabande,
ndalama zopumira pantchito zili m'chikwama,
dzuwa la ku Bangula likuwamba ndi mthunzi womwe,
puloti iliyonse ikuoneka youma, yaulemu,
ngati mlendo wa tsiku limodzi.
Musagule lero.

Ndakhala dobadoba zaka khumi ndi zinayi.
Ndikudziwa mmene timalozera malo:
chala kumsewu wa tara, msana kumtsinje.

Taimani apa. Onani khoma la tchalitchi icho.
Pansi pa zenera pali mzere wofiirira,
anaupaka penti kawiri koma umabwerabe.
Umenewo ndiwo mboni yosadya ziphuphu.
Kwezaninso maso m'nthambi za nimu:
mukaona chiguduli ndi zinyalala za bango
zitakodwa pamwamba pa mutu wanu,
si mphepo inazipachika.

Dothi lakudali ndi makande.
Lero lang'aluka moti mwanapiye angagweremo,
mvula ikagwa limafufuma ngati mtanda wa mandasi,
nyumba n'kumapuma nalo limodzi
mpaka khoma litayasamula.
Ngati mwalikondabe, maziko akhale akuya, a miyala,
khonde likwere kufika m'chiuno,
zidina muzisiyire khola la mbuzi.
Simenti imene muumire lero
mudzaigula kawiri.

Lawani madzi a pamjigo musanamve mtengo.
Ena ndi amchere, sopo sachita thovu,
nyemba zimagona pamoto.

Tsono za mapepala.
Wogulitsa akati malo ndi anga,
mufunseni bambo ake anabereka ana angati.
Kuli mkulu wake ku Beira kapena ku Joni
amene adzatsike basi
tsiku lomwe mukukhoma malata omaliza.
Onse asaine, alongo omwe, wamasiye yemwe.
Chidindo cha mfumu chikhalepo,
mukafunsenso ku khonsolo
ngati pamenepo sipadzadutsa ngalande,
kapena njanji ikadzadzuka kutulo.
Malire muwayende ndi mapazi, oyandikana nawo ali pompo.
Malire a chulu ndi mtengo wa masawu
amatha ndi khasu ndi nkhwangwa.
Zikani zikhomo za simenti.
Ndalama musaperekere pamowa,
ndipo zisachoke zonse tsiku limodzi.

Mukudabwa kuti ndikudziphera ndekha msika?

Kunali mphunzitsi, Zuze Alufandika.
Ndinamugulitsa malo kuseri kwa msika wa ng'ombe,
mwezi ngati uno.
Anandigwira chanza ndi manja awiri.
Anamanga zipinda zinayi za lendi, zitseko zobiriwira,
anati ana ake adzaphunzirira zimenezo.
Chaka chachiwiri madzi anabwera usiku, osaodira.
Ndinakamupeza m'kalasi momwe ankaphunzitsira,
atagona pa thumba la chimanga lopanda kanthu,
mabanja asanu ndi awiri m'chipinda chimodzi,
masamu a dzana akadali pabolodi.
Sananditukwane.
Anasendera, kundipatsa malo pabenchi,
n'kundifunsa ngati kwathu kwatsalako kanthu.

Ngongole ya kubanki akubwezabe.
Njinga yamoto imene ndinagula ndi gawo langa
ndimaikwera, inde,
koma pokwera mtunda imandilemera.

Ndiye bwererani ndi chikwama chanu.
Malo alibe miyendo.
Akakuuzani kuti mawa kukubwera wogula wa ku Blantyre,
dziwani kuti munthu ameneyo
inenso ndinamubereka kambirimbiri, ndi pakamwa.

Mubwerenso mu Febuluwale,
Shire atakhuta, achule akulira masana,
a kabaza atanyamula njinga paphewa.
Mudzavule nsapato, tidzayende pang'onopang'ono.
Pamene tidzapeze mbuzi zitagona pouma,
zikubzikula, zosatekeseka,
ndi pamene tidzayambe kukamba za mtengo.