Alendo Amene Sindinawaitane

Ndinaiumbira kuno ku Kasungu pulogalamuyi,
m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya a Gwedeza,
pa laputopu yomangidwa ndi selotepi,
koma kokakhala kwake n'ku Chamama,
m'kakompyuta kochepa ngati sopo wochapira
komatidwa kunsi kwa sikelo ya soya.
Uko netiweki imaoneka ngati mlamu wangongole,
ndiye ndinailangiza: ukadziimire pawekha,
usakapemphe mchere pakhomo la munthu.

Kuno inathamanga ngati mwana wambuzi.

Lachiwiri ndinakwera matola, fulashi m'thumba la malaya,
fumbi m'mano.
Ndinapeza matumba atandanda mpaka pamjigo,
Zelesi kalaliki atatsekera bolopeni kukhutu,
akuti lero tipumako kuwonkhetsa pamanja.
Ndinadina.
Mzere umodzi wokha, woyera, wopanda manyazi:
laibulale yakutiyakuti sikupezeka.
Dzina lake ndinali ndisanalimvepo chibadwire.
Bambo wina wachipewa cha mlaza anafunsa
ngati makinawo akufuna mafuta.

Usiku magetsi anazima, batire pa sate wani.
Ndinaikhazika pansi fayilo ija, ndinati
tchula onse amene umawadalira.
Inatchula asanu ndi anayi.
Ine ndinaitana atatu.

Ya malisiti, inde, ndinaiitana ndine.
Koma iyo inabwera ndi msuweni wake wa zilembo,
msuweniyo anakoka ya zithunzi,
ya zithunzi itabereka kumbuyo ina yofinya mafayilo,
ndipo kuseri kwa onsewo kunali kanthu kena
kosadziwika ngakhale mfunda.
Zithunzi za chiyani?
Sikelo ilibe n'galasi lomwe loonetsera nkhope.

Ndinatsata mapazi mzere ndi mzere,
mpaka tambala wa kwa aneba atalakwitsa nthawi kawiri.
Wakuba ndinamupeza, ndipo anali atavala nsapato zanga.
Mwezi wa Febuluwale, ndikuthamangira maliro,
ndinasiya njira imodzi yosalemba.
Kompayila, posauzidwa kolowera,
anatsekula kabati ya laputopu yangayi
n'kutola zimene anapeza pafupi,
zosokedwera thupi lina, zolankhula chinenero china,
n'kulonjeza m'dzina langa
kuti ku Chamama nakonso zikapezeka.

Ndinatseka kabatiyo.
Ndinamulozera nkhokwe ya kakompyuta kaja, iyo yokha.
Zithunzi ndinati ayi. Msuweni ndinati pitani bwino.
Otsalawo ndinawasokerera m'mimba mwa fayilo
monga amasokerera ndalama mumpendero wa siketi
mayi wopita ku Joni.
Inanenepa kasanu.
Ndinaimeta, ndinaichotsa maina a paubwana,
inaphwerako pang'ono.

Ndinafunsanso: ukudalira yani?
Inati palibe.
Koma ndinaona kamodzi kakusuzumira pazenera,
kaja kamagona mpaka wina atafuna kulankhula ndi kunja.
Batire inali pa foro.
Sindinafunse kuti ntchito yake n'chiyani.
Ndinakazula ngati chisoso.

Lachisanu sindinapite, ndinatumiza fulashi
ndi Fanuwelo wa njinga yamoto,
malangizo nditalemba kuseri kwa katoni ya shuga.
Ndinakhala pakhonde, foni pabondo,
ndikuyang'ana phiri likusintha mtundu.
Itangokwana leveni inalira.

Zelesi anati yayaka, achimwene,
thumba loyamba makilo fifite thuu,
lisiti yatuluka yokha ngati lilime,
anthu aombera m'manja, wachipewa uja wavina.
Ndinatsamira khoma. Ndinamva njala koyamba
chiyambire Lachiwiri.

Kenaka anatsokomola.
Kungoti, anatero, malisiti onse akunena
kuti lero ndi pa wani Januwale, 1970.
Agogo ena akuti ngati zili choncho
muwabwezere mano awo ndi mitengo ya nthawi imeneyo.

Kanthu kaja ndinazula usiku,
kaja ka pazenera,
ndi kamene kankati netiweki ikangodutsa
kathamange kukafunsa dziko
kuti nthawi ili bwanji.