Makope Awiri

M'kabati ya ofesi ino ya ku Masambanjati ndimasungamo makope awiri.

Loyamba njenjete zinalidya m'mbali.
Ndinalemba ndili mnyamata ku Zomba,
pa benchi lachitatu, pafupi ndi zenera losatsekeka,
Pulofesa Muleso akuyendayenda kutsogolo,
choko chitayeretsa thumba la jekete.
"Lembani," ankatero, "ndipo mutseke mzere kunsi:
phungu si bambo wa fuko.
Phungu sagula bokosi la maliro.
Ntchito yake n'kusula malamulo
ndi kuwerenga ndalama za boma
monga mayi awerengera chenji pamsika, maso ali gwa."
Ine ndinatseka mizere iwiri.
Chaka chimenecho ndinakhoza bwino.

Lachiwiri n'lachikuto chofiira,
ndinagula ku Luchenza ndi ndalama zawo.
Lolemba: mabokosi atatu, limodzi la mwana.
Lachiwiri: malata a tchalitchi chimene mphepo inasasula,
fizi ya mtsikana wa ku Thekerani,
mpira ndi wezulo.
Lachitatu: galimoto yathamangira kuchipatala ndi mayi wapakati,
aphungu afika pa kabaza,
matope ofiira mpaka m'mawondo.

Ndikukumbuka tsiku loyamba kukwera pansanja.
Anafotokoza za mizati itatu ya boma,
bwinobwino, ngati tonse tili ndi zolembera.
Mayi Nasiyaya, dengu la tiyi lidakali kumsana, anaimika mkono:
"Mizatiyo ndi yabulugamu kapena yasimenti?
Poti mlatho wathu wa pa Nswadzi ukungofuna iwiri."
Bwalo lonse linafa nacho chiseko.
Pulofesa anavula magalasi,
nawapukuta nthawi yaitali kuposa fumbi limene linalipo.
Chizungu chinawathawa pomwepo.
Chilomwe cha amayi awo,
chimene anachisiya pa depoti zaka makumi atatu zapitazo,
chinabwerera chotsimphina,
koma chinafika, ndipo mavoti anachitsata.

Ku Lilongwe anaimirira kanayi pa nkhani ya malo.
Anati kwathu tiyi amagona motambalala
anthu akugona chopinda miyendo m'mapiri;
anati munda wa bambo wa ana asanu ndi awiri
ungafundidwe ndi zitenje zitatu;
anati nthochi zinapita ndi chisaka
ndipo palibe anabwera kudzapepesa.
Tinkamvera pa wailesi, titaunjikana pa khonde la golosale.
Wina anakuwa chakumbuyo:
"Khalani pansi, muno si m'kalasi!"
Bilu yawo ija ili m'kabati ina,
yaikulu kuposa yanga.
Njenjete za kumeneko n'zonenepa.

Kenaka tsiku lija.
Chipani chinati onse anene inde
pa lamulo limene kope langa lakale, tsamba la makumi anayi,
limalitchula kuti kuba kovala tayi.
Dzina lawo litaitanidwa panadutsa kamphindi,
kokwana kumeza malovu.
"Inde."
Mvula isanagwe, mathirakitala anafika pa Nswadzi.
Mizati iwiri. Yasimenti.
Lero ana amawoloka osavula yunifolomu,
osasenza mabuku pamutu.
Nkhani imeneyi sindinailembe paliponse.
Sindidziwa kope lake.

Dzulo magetsi atathima
anandipeza ndikuwerenga lakale lija ndi tochi ya foni.
Analitenga, nalifikitsa pafupi ndi mphuno,
chala chikutsata mizere yanga iwiri.
Imvi zawachuluka zaka zinayi zokhazi.
"Amene ankanena izi sankanama," anatero.
"Kungoti anali asanaonepo
mwana wa munthu akutsikira m'manda atakulungidwa mumphasa."
Ndinafuna kufunsa za tsamba la makumi anayi.
Iwonso, ndikhulupirira, ankadikira kuti ndifunse.

Pakhomo panamveka odi wotsitsa mawu,
uja wa munthu amene wayenda usiku
chipewa chili m'manja.

Anandibwezera kope lakale, mosamala,
ngati dzira la nkhuku ya eni.
"Bisa ili, lisanyowe," anatero.
"Tsegula lofiiralo."