Telala wa ku Magaba

Lachinayi lililonse, dzuwa lisanafike paliwombo,
galimoto yonyamula ndalama imaima pano pa Magaba,
pakati pa owotcherera zitsulo ndi amayi a matimati.
Mnyamata amatsika, mfuti pachifuwa,
n'kudzaima pafupi ndi makina anga osokera.
Pathumba la malaya ake analembapo kuti Kudzanai.

Sadziwa kuti zala zogwira singanozi
zinatha zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi kukampu ya asilikali
zikumasula mfuti, kupukuta, kumanganso,
mpaka oyilo analowerera m'zikhadabo,
Nasibeko n'kumati ndikununkha ngati njinga.

Za nthawi yathu zinali ndi thako lamtengo,
lolemera, lodziwa thukuta la mwini wake.
Iyi njopepuka. Thako lake m'pulasitiki wakuda,
limapindikira m'mbali ngati mpando wobwereka pamaliro
kuti ikwane m'galimoto yothina.
Pamsana anaikapo kanjanji ka manomano
kokhazikapo galasi loonera kutali,
kapena tochi, kapena chilichonse abwana angagule.
Koma m'mimba sinasinthe. Ndimaonamo ngakhale ili yotseka.

Mfuti yotere imadya utsi wake womwe.
Wonga ukaphulika, chipolopolo chili paliwiro mumpope,
mpweya pang'ono umapatukira pakabowo
n'kukankhira chitsulo m'mbuyo;
chikhungwa chamoto chimalavulidwa kumanja,
sipuling'i n'kubweza zonse,
kutola china m'nkhokwe yokhota ngati nthochi
momwe makumi atatu apanikizana
ngati ife mukombi ya ku Mufakose.
M'kati mwa mpope anasemamo mizere yopota
kuti chotulukacho chizipita chikuzungulira, chisasochere.
Anthu ophunzira anakhala pansi, anajambula,
anayeza mpaka kugawa tsitsi limodzi pakati,
kuti mchenga ukalowa isakane,
kuti ikanyowa ndi mvula isakane,
kuti ngakhale mwana wosamera ndevu aidziwe tsiku limodzi.
Nzeru imeneyo ndinkaikonda. Sindibisa.

Makina angawa nawonso n'chimodzimodzi:
singano kutsika, singano kukwera,
bobini kupereka ulusi osafunsa kuti nsalu nja yani.
Zonse ziwiri zimaboola.
Chimodzi chokha ndicho chimasiya ulusi pabowopo.

Lero diso langa lagwa pa kachitsulo ka m'mbali,
kaja ka malo atatu:
kugona, kamodzikamodzi, ndi kukhuthula.
Kanali katatsetserekera pokhuthula.
Chala cha mnyamatayo chinali pa chokhethemulira,
maso ali kwa mtsikana wogulitsa mayunitsi kutsidya la msewu,
ndipo komwe mpope unaloza
kamwana kanakhala pa tayala, kakukukuta chimanga chowotcha.

Phazi langa linaima lokha.
Ndinalankhula chapansipansi, m'Chishona changa chotsimphina:
Mwana wanga, igoneke.

Anandiyang'ana. Anayang'ana pachifuwa pake.
Kenako ndinamva kuti *tcha*,
kaphokoso komwe ndimakadziwa bwino
kuposa njira ya kumudzi kwa bambo anga ku Ntcheu,
komwe ndinangofikako kamodzi, kukaika maliro.
Thukuta linatsika kuchokera m'chipewa chake
mpaka kudontha pa chibwano.

Achimwene, mwadziwa bwanji?

Sindinamuuze za kukampu,
kapena za Lifa, mnzanga woimba mluzu,
yemwe anatsamira yake usiku wina wa chisanu
ali ndi kapu ya tiyi kudzanja linalo.
Ndinangoloza thalauza lake,
msoko wa pabondo utayasama ngati kamwa la nsomba.
Ubwere nalo Lachinayi, ndinatero. Dola imodzi.

Anzake anatuluka ndi bokosi, zitseko zinamenyedwa,
galimoto inakhotera kutauni, fumbi n'kutsalira ife.
Kamwana kaja kanamaliza chimanga,
kanaponyera galu chitsononkho, galu anakana.

Ndinanyowetsa ulusi ndi malovu.
Bowo la singano likundizemba masiku ano,
kachiwiri, kachitatu, dzanja likunjenjemera,
ine amene ndinkamanga mfuti maso atamangidwa nsalu.
Kachinayi unalowa.
Patebulo panali diresi la sukulu la mwana wa eni ake,
lofunika kutsitsa mpendero
chifukwa mwanayo akukula.