Mzere pa Botolo la Mkaka

Ndinalemba mzere pa botolo la mkaka
ndi cholembera chosafufutika
kuti Ganizani akamwa ndidziwe.
Anamwa. Kenako anathiramo madzi a pampopi
mpaka kufika pa mzere wanga.
Umu ndi momwe timakhalira ku Leicester,
nyumba nambala 14, iye pansi, ine pamwamba,
ana a munthu ndi mng'ono wake
osadzutsana m'mawa.

Iye anabwera ndi digiri ya uinjiniya
ndi suti yosokedwa ku Limbe,
ati zaka ziwiri zokha, ayamba kumanga milatho.
Chino ndi chaka chachisanu.
Sutiyo ili m'pulasitiki kuseri kwa chitseko,
mapewa ake akadali otukumuka
kuposa a mwini wake.

Usiku amasambitsa nkhalamba ku Oadby.
Akamanyamuka amati, "Ndapita ku saiti."
Akabwerako, manja akununkha sopo wa kuchipatala,
amayamba kundikonza Chingerezi
ndisanasukusule n'komwe.
Ati woyendetsa basi ndi mbuli, bwana wake ndi mbuli,
mvula ya kuno nayonso ndi mbuli:
siidziwa kugwa, siidziwa kukata,
imangolavula malovu tsiku lonse.

Musandiyese woyera ine.
Ndinachoka ku Chinsapo nditalumbira pamaso pa anzanga
kuti dzina langa lidzakhala pa chitseko cha ofesi.
Dzinalo lilipodi, pa baji, pachifuwa,
SUNGENI, ndipo amalitchula ngati atsamwa.
Ndimalongedza makatoni, makina akuwerenga mapazi anga.
Amayi akati tionane pa foni
ndimathamangira m'tauni, pa magalasi owala:
"Mama, mwachangu, ndikulowa mumsonkhano."
Tsiku lina Ganizani anandipezerera.
Anaseka mpaka kukhala pansi.
Ndinamukumbutsa galimoto ya aneba
imene anajambulitsa ataitsamira,
makiyi a nyumba akulendewera ku chala.

Masabata atatu, ziii.
Mayunitsi atatha pa mita
aliyense anakhala mumdima wake, atafunda jekete,
kudikira kuti mnzake ndiye ayambe kugonja.

Lachiwiri lapitali anafika mochedwa
ndipo sanamenyetse chitseko.
Anakhala pa masitepe, nsapato osavula.
Ati a Pickering a m'chipinda 9 atisiya,
aja ankamutcha Gary, aja ankamugenda ndi supuni.
Ati polongedza katundu wawo
anapeza mapulani a mlatho pansi pa masokosi,
mapepala ofiirira, manambala olemba pamanja.
Zaka ziwiri akuwatembenuza pabedi,
akuwapukuta, akuwatukwana chamumtima,
osadziwa.
"Pa tsamba lachitatu analakwitsa samu," anatero,
mawu akunjenjemera.
"Ndikanawauza. Tikanakangana bwinobwino."

Ndinafuna kunena kanthu kofewa.
Ndinafufuza m'kamwa monse.
Chimene chinatuluka ndi ichi:
"Lendi ndi Lachisanu."
Anandiyang'ana nagwedeza mutu
ngati ndamupepesa maliro.

Ndinatereka ketulo.
Mkaka wosungunula uja ndinathira m'makapu awiri,
tiyi anatuwa ngati thambo la pa zenera.
Anapsontha kamodzi, nakwinya nkhope.
"Mkaka wanji uwu?"
"Wako," ndinatero.
Sanaseke. Koma anamwa mpaka pansi.

Kunja basi ya 6 koloko inadutsa yopanda munthu,
magetsi ake onse akuyaka.
Tinaiyang'ana tonse awiri
ngati mwina muli wina wodzatiuza
kuti panali kulakwitsa, mayina anasokonekera,
moyo umene tinaitanitsa uja
anakausiya pa khomo lina.

M'mawa mwake ndinagula botolo latsopano.
Ndinaima nthawi yaitali, cholembera m'manja,
firiji ili chitsegukire, ikung'ung'udza.
Mzere ndinalemba ndithu,
sindine mngelo.
Koma ndinaulemba m'munsi pang'ono,
malo okwana kapu imodzi.