Funso la Wailesi

Munthu wa ku unduna anabwera Lachinayi,
atakwera masitepe onse a phiri lathu la Valparaíso,
ali wefuwefu, tayi ali m'thumba.
Anati: Pezani funso limodzi
loti Anselmo yekha ndiye angaliyankhe.
Yankho likabwera kuchokera kwa omwe akumusunga
tidziwa kuti mtolankhani wanu akupuma.

Masiku mazana awiri ndi khumi ndi anayi.
Ndagulitsa galimoto.
Ndaima pachipata cha kazembe ndi chithunzi chake
mpaka dzuwa lamufufuta nkhope.
Ndaphunzira kunena "chonde" m'zinenero zinayi.
Koma funso limodzi linatigoneka ndi njala.

Maite, mkazi wake, anafuna za tsiku lomwe anakumana.
Ndinati ayi, zimenezo anazilemba kale m'nyuzipepala,
munthu uja sasunga kanthu m'mimba.
Amayi anali chete, akusenda mbatatesi,
kenako anati: Mufunseni,
anaswa wailesi ya bambo ake ndani?

Tinaseka, koyamba chichokereni iye.
Zaka makumi atatu Anselmo akukana,
akuti ndi mphaka wa kwa a Ibacache, analowera pazenera.
Anakana ali mwana, anakana pa ukwati wake,
anakana ngakhale pa maliro a bambo.
Akati mphaka, ndi iyeyo.

Funso linapita.
Akuti linadutsa m'manja mwa wansembe,
dalaivala wa lole, ndi wogulitsa mafuta kumalire.
Sitima zinalowa padoko, zinatuluka.
Milungu isanu ndi umodzi.

Lero wa tayi uja wakweranso phiri.
Pafoni yake pali kapepala kothimbirira,
zilembo zopendekera kumanzere ngati kale:
Ndinaswa ndine. Mundikhululukire, amayi.

Iye akuti yankho silikugwirizana ndi la m'fayilo,
sangalilembe ngati umboni.
Maite wagwada, akupsompsona foni ya mwini wake.
Amayi akuti ali moyo mwana wanga,
ndinkadziwa kuyambira kale kuti si mphaka.

Ine ndatuluka kukayanika zovala zouma kale.
Ndimamudziwa mlongo wanga,
sanagonjepo pa mkangano, ngakhale wa mpira.
Kuli chiyani m'chipinda chimenecho,
chomwe chamuchititsa kumasula mphaka
amene anamumanga zaka zonsezi?

Mawa ndikwera basi yoyamba ya ku Santiago.
Chithunzi chija ndasindikiza chatsopano.